Guluu wa Kakachisi ka Mayi Pushpa

Amuna anga, a Stafford, ali ndi mkazi wachiwiri, ndipo mkaziyo ndi chitini. Ndimanena zimenezi iwo ali pomwepo, amangoseka, chifukwa akudziwa kuti sindikuwanamizira. Chitinicho n'chakuda bii ndi mwaye. Chimakhala m'kati mwa chitini china chachikulu cha madzi, ndipo zonse ziwiri zimakhala pa mbaula pakona ya shedi yathu ku Limbe, kuseri kwa msika, chakufupi ndi njanji. M'menemo ndi momwe amaphikira guluu wawo. M'mawa asanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji, amakhala atafunsa kale ngati makala alipo.

Ntchito yawo ndi yokonza zinthu zakale: mipando, mabokosi, mawotchi apakhoma, matebulo amene anasiya azungu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, ndi zina zotero zimene eni ake sangazitaye ngakhale zitathyoka miyendo yonse. Ine, mayi a Ella, yanga ndi kulandira anthu, kusoka nsalu za pamipando, ndi kupepesa anzathu a m'mashedi oyandikana chifukwa cha fungo. Guluuyo sagula m'sitolo ayi. Amapita kophera ng'ombe, n'kukatola zidutswa za zikopa ndi mang'ina, kuzitsuka, kuziviika, kenako kuziphika pang'onopang'ono mpaka madzi ake atalimba ngati uchi. Tsiku lophika, ngakhale agalu a kumsika amadutsa chapatali. Ndinawauza kalekale kuti anthu anzawo mang'ina amadya, koma a Stafford samva.

Musawafunse chifukwa chake ngati muli pa changu. Adzakuuzani kuti supagulu ndi wa anthu opupuluma: amauma ngati galasi, amasiya zoyera m'mbali, ndipo thabwa likafufuma nthawi ya mvula amangothetheka. Guluu uja wa m'machubu awiri osakaniza amagwira zedi, koma amagwira ngati ukwati wa ku Katolika, ukalakwitsa walakwitsiratu. Woyera wa akalipentala ndi wabwino thabwa ndi thabwa linzake, koma chitsulo sachidziwa. Wa nsapato ndiye musamutchule n'komwe m'shedi mwawo. Wawo wa zikopa, amatero, amagwira zaka ndi zaka, koma tsiku limene munthu wafuna kumasula, madzi ofunda ndi kansalu basi, thabwa silivulala. Amati chinthu chakale chimadutsa m'manja mwa amisiri ambiri, ndiye si bwino kumutsekera khomo amene adzabwere pambuyo pako. Ndazimva kambirimbiri mwakuti ndikhoza kulalikira m'malo mwawo, koma kunena zoona ndimakonda kuwamva akulankhula choncho.

Mayi Pushpa anabwera mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndi mayi wachikulire wa Chimwenye, wachipembedzo cha Chihindu, wamfupi, wovala nsalu yoyera kuyambira kumutu. Anabadwira ku Luchenza kumene bambo awo anali ndi sitolo, ndipo Chinyanja chawo n'chakale, chokoma, choposa cha ana athu. Amuna awo, a Chandrakant, anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo sitolo yawo ya nsalu ku Limbe akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, Ekta. Ekta ndi amene anayendetsa galimoto tsikulo, foni ili kukhutu, ndipo kumbuyo kunali amuna awiri a kusitolo atagwirizira chinthu chokutidwa ndi bulangete.

Anachitsitsa n'kuchivundukula. Kanali kakachisi ka m'nyumba, kamene Ahindu amaikamo mafano a milungu yawo n'kumapemphera patsogolo pake. Kanali ka thabwa lakuda lolemera, kofika m'chiuno, kokhala ndi denga losongoka, timizati, ndi zitseko ziwiri. Paliponse panali zokongoletsa za mkuwa zolowetsedwa m'thabwa: maluwa, masamba, mpesa wozungulira denga, ndi mbalame ya pikoko pa chitseko chilichonse. Zambiri zinali zitatukuka m'mbali, zina zitagweratu, ndipo zogwazo Mayi Pushpa anazibweretsa m'chitini cha masiwiti atazikulunga m'thonje.

Anatifotokozera kuti kakachisiko anabwera nako apongozi awo aamuna kuchokera ku India, pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa sitima ya pamtunda. Iwo anakapeza m'nyumba tsiku limene analowa m'banja, ndipo kuyambira pamenepo sikunachepo asanayatse nyali patsogolo pake. Milungu anaitulutsa, ili patebulo kunyumba ngati alendo ogona pabalaza, ndipo iwo mtima suli m'malo. Ankafuna kakachisi kabwerere chikondwerero chawo cha nyali, Diwali, chisanafike.

Ekta anandikokera pambali. Si munthu woipa, ndi wotanganidwa chabe, wa mtundu uja wofuna kuti chinthu chikavuta chichoke pamaso lero lomwe. Anati ku Joni anaona tiakachisi tatsopano ta mwala woyera, tokhala ndi magetsi ake, tosafuna mmisiri. Wawalola amayi ake kuti ayese kamodzi kokha. Zikakanika, aitanitsa katsopano, ndipo kakaleko kakapuma m'chipinda chosungira katundu.

Mayi Pushpa anasiya malamulo. Kakachisi kasakhale pansi. Wogwira ntchito avule nsapato. Nyama, nsomba kapena mowa zisayandikire. A Stafford anavomera zonse ndi mtima umodzi, ndipo anazisunga kuposa mmene amasungira malamulo a ku tchalitchi kwathu. Anayala nsalu yatsopano patebulo, ankagwira ntchito opanda nsapato pakati pa misomali ndi zipalapala, ndipo usipa wa masana ankakadyera panja, pamthunzi wa khoma la eni ake, n'kusamba m'manja ndi sopo asanalowenso. Za chitini cha pakona panalibe amene anaganiza zofunsa. Kwa Mayi Pushpa guluu ndi chinthu cha m'sitolo, ndipo kwa a Stafford guluu ndi guluu, si ndiwo.

Ntchitoyo anaigwira ndi chikondi. Anayamba ndi kupala m'timaenje mmene munkakhala mkuwa, kuchotsa zouma zofiirira zimene anazipezamo, akudandaula kuti sakudziwa kuti ndi phula lanji limene anthu akale anathiramo, loti madzi sakulisungunula. Kenako ankakanda pang'ono kumbuyo kwa kachidutswa kalikonse ka mkuwa kuti guluu apeze pogwira, n'kupakapo adyo wodula pakati. Imeneyi ndi nzeru imene anaphunzira kwa mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito, yoti madzi a adyo amachotsa mafuta pa mkuwa, guluu n'kukakamira bwino. Akatero ankafunditsa mkuwawo m'mbali mwa mbaula, kupaka guluu wotentha ndi kabulashi, kuukanikiza pamalo pake, n'kusanjikapo kathumba ka mchenga wofunda. Matumbawo ndinasoka ndine. Masiku amenewo ankaimba nyimbo za kwaya akugwira ntchito, ndipo ine ndinkasangalala kuwaona choncho.

Tsiku lodzatenga, Mayi Pushpa anabwera ndi mbale ya zotsekemera za mkaka zimene anaphika okha. Ataona kakachisi kakunyezimira, mapikoko atabwerera pa zitseko, anagwira pakamwa. Anayendetsa chala pa mpesa wa padenga, kuyesa kutukula tsamba ndi chikhadabo, koma silinasunthe. Ekta naye anatsitsa foni n'kuvomera kuti sanayembekezere. Kenako mayiwo, mwachisangalalo chabe, anafunsa kuti amatira ndi chiyani cholimba chotere.

Funso limenelo a Stafford amalidikira moyo wawo wonse. Anathamangira pakona, n'kunyamula chitini chija ndi manja awiri ngati akubweretsa mwana kwa agogo ake.

"Uyu si wa m'sitolo, amayi. Ndimaphika ndekha. Zikopa za ng'ombe ndi mang'ina, zosankha bwino, kuchokera kophera konko. Ndiye kumbuyo kwa mkuwa ndimayamba ndapaka adyo."

Dzanja la Mayi Pushpa linachoka padenga pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoyang'ana chala chawo, kenako n'kundipempha madzi osamba m'manja. Ndinawathirira panja. Ekta ndi amene anatifotokozera, motsitsa mawu, kuti kwa iwo ng'ombe ili ngati mayi, saipha ndipo saidya, ndiye kuika zotsalira za ng'ombe yophedwa pa nyumba ya milungu ndi chinthu choti amayi ake sangathe ngakhale kuchitchula. Adyonso, anatero, amayi ake salola kuti afike pamalo opempherera.

A Stafford anaima pomwepo chitini chili m'manja, osadziwa poti achiike. Mayi Pushpa atapukuta m'manja anawayang'ana.

"Simunadziwe, bambo. Inenso sindinafunse. Koma kwathu sikangalowenso."

Anakakwera galimoto. Ekta anati kakachisi kakhale kaye kwathu, aona chochita nako, ndipo ndinamva akuimba foni asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto. Mbale ya zotsekemera inatsala patebulo.

Mawa lake mbaula sinayake. A Stafford anangokhala pa benchi kuyang'ana kakachisi, opanda nsapato, ngakhale panalibenso chifukwa chovulira. Ndakhala nawo zaka zambiri, ndawaonapo atadzicheka, atabedwa zipangizo, atatukwanidwa ndi makasitomala oledzera, koma sindinawaonepo atafooka chotere. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisoni changa chimatuluka ngati mkwiyo. Ndinawafunsa kuti ulaliki uja wa madzi ofunda ndi kansalu unali wongotisokosera kapena unali woona. Anayankha kuti pathabwa guluu achoka yense, osatsala ndi kadontho komwe, koma mumtima mwa mayi uja sangathiremo madzi ofunda. Ndinawauza kuti za thabwa ndi zawo, za mayi uja andisiyire.

Ndinamanga chitenje chabwino n'kupita kusitolo ya nsalu. Mayi Pushpa amakhala m'chipinda cha pamwamba pa sitoloyo. Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi tebulo limene panali milungu yawo, itaphimbidwa ndi kansalu kofiira mbali imodzi chifukwa cha fumbi. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi wa zonunkhira, ndipo tinayamba ndi za kutentha ndi za mitengo ya tomato, monga achitira amayi. Kenako ndinawauza chimene ndabwerera. Ndinati guluu wa amuna anga ali ndi mlandu umodzi ndi ubwino umodzi: ndi wa ng'ombe, koma amasungunuka m'madzi n'kuchokeratu. Akanamata ndi wa m'machubu, bwenzi tikunena zina. Ndinawapempha kuti asakhulupirire mawu anga, abwere adzaone ndi maso awo.

Anazunguza kapu m'manja. Anati usiku sanagone, ankangoganiza za amuna awo, amene ankapukuta mapikoko aja ndi mandimu Diwali iliyonse. Anati katsopano ka ku Joni kadzakhala kokongola, koma sikadzamudziwa munthu aliyense wa m'nyumbamo.

"Achoka yense, mayi a Ella? Ngakhale wa m'ming'alu?"

"Yense, amayi. Mukapeza wotsala, ine ndemwe ndidzanyamula kakachisiko kukakaika kosungira katundu."

Anabwera m'mawa wotsatira, ndi beseni latsopano, ketulo ya kunyumba kwawo, nsalu yoyera yodula pa mpukutu wa m'sitolo, mandimu ndi mchere. Chitini cha a Stafford ndinali nditachitulutsa kale, chili kuseri kwa shedi ngati mkazi wothamangitsidwa. Mayi Pushpa anakhala pa mpando wa mzungu wina umene unkadikira mwendo, n'kuyamba kuyang'anira ntchito. A Stafford ankaika kansalu konyowa kotentha pa duwa, kudikira, kulozetsa nthunzi ya ketulo m'mbali, ndipo duwalo linkatukuka lokha bwinobwino. Ankatsuka kadzenje kake mobwerezabwereza mpaka chala chikamadutsa osamva kunanda. Mayiwo ankalandira kachidutswa kalikonse, kukatsuka okha ndi mandimu ndi mchere, kukanunkhiza, n'kukaika pansalu. Pena ankabweza kuti abwerezenso, ndipo a Stafford, amene salola munthu kuwaphunzitsa ntchito, ankangoti chabwino amayi. Zinatenga masiku. Pomaliza mayiwo anatulutsa kabotolo ka mkuwa ka madzi ochokera ku mtsinje wawo wopatulika ku India, n'kuwaza kakachisi konse akunong'ona mapemphero. Atatha anapuma mozama, nkhope yawo n'kumasuka.

Koma tsopano tinabwerera pamene tinayambira: thabwa pano, mkuwa apo, chomatira palibe. Ekta, amene ankabwera masana kudzawatenga amayi ake, anati bwanji angothira supagulu zithe. A Stafford anachita nkhope ngati awauza kuti adye bilimankhwe. Mayi Pushpa nawo anali atachenjera, anafunsa kuti m'machubumo mumakhala chiyani, ndipo panalibe amene akanalumbira. Ekta anangoti wogulitsa tiakachisi wa ku Joni, amene anamuimbira foni tsiku lija, akudikira yankho lake, ndipo sangamudikiritse mpaka kalekale.

Yankho linatulukira mwangozi. Pansi pa denga panali tsamba limodzi limene silinagwepo chiyambire, ndipo a Stafford sanalikhudze. Pofuna kuona chimene chaligwira zaka zonsezi, anafunditsa nsonga ya mpeni pa makala n'kuigunditsa m'mbali mwake. Zofiirira zija, zimene madzi anazilephera, zinafewa nthawi yomweyo, ndipo panatuluka kafungo kokoma ngati ka utomoni. Mayi Pushpa anatukula mutu. Anapempha mpeniwo, anaununkhiza, n'kuseka koyamba chichitikireni ngozi ija. Anati ameneyu ndi lakhi, utomoni umene tizilombo tina timasiya pa nthambi za mitengo ku India. Amayi awo ankamatira mapaselo ku Luchenza, ndipo amisiri a kwawo amamatira miyala ndi mkuwa kuyambira kale. A Stafford, amene tsopano ankaopa chilichonse chokhala ndi miyendo, anafunsa ngati tizilomboto si mlandu. Mayiwo anati ayi, lakhi amalowa m'kachisi. Chimene chinawakondweretsa kwambiri amuna anga n'chakuti lakhi naye amamasuka, kungomufunditsa basi.

Ndiye tinayamba kusaka. Tinalowa sitolo ndi sitolo mu Limbe, tinakwera minibasi kudutsa pa Chichiri mpaka m'tauni, tinafika ndi ku Makata kwa ogulitsa utoto. Eni masitolo achikulire ankamwetulira n'kunena kuti akumukumbuka, ankabwera kale m'timitengo tofiira, koma anasiya kuitanitsa. Achinyamata ankangotipatsa chitini cha vanishi. Wina anati angaitanitse ku India, koma adzafika chikondwerero chitapita, mwinanso mvula itagwa. Tinabwerera mapazi atatupa, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mwina kakachisi ka magetsi kapambana ndithu.

Kutatsala masiku ochepa kuti Diwali ifike, Mayi Pushpa anabwera ndi Ekta m'mawa, atanyamula kamtolo ka nsalu yakale ya silika. Anakamasula patebulo. Munali zibangili zofiira, zonenepa, zokhala ndi timagalasi ting'onoting'ono mozungulira. Anauza a Stafford kuti zimenezi n'zopangidwa ndi lakhi yekhayekha, wosakaniza ndi utoto ndi fumbi la mwala. Anati ndi za ukwati wawo, anawaveka tsiku limene anakwatiwa ndi a Chandrakant. Pa mwambo wawo, mkazi amuna ake akamwalira savalanso zofiira, ndipo zibangili zotere amaziphwanya. Iwo anavula, koma kuphwanya kunawakanika, ndiye anazibisa pansi pa sutikesi.

Ekta anali asanazionepo chimwalirireni bambo ake. Anaika foni patebulo n'kutola chimodzi.

"Ba," anatero, ndiko kuitana kwawo kwa mayi, "izi ayi. Ndinkaganiza kuti munataya. Musaphwanye izi chifukwa cha bokosi."

"Si bokosi, mwanangu. Ndipo izi m'sutikesi zikuthandiza ndani? Kuvala sindingavale. Zinayenera kuphwanyika kalekale, ine ndi amene ndinkazengereza. Bola ziphwanyikire pano."

Choyamba anathyola okha. Anachigwira ndi manja awiri, anatseka maso, ndipo chinalira kamodzi ngati kamtengo kouma. Ine misozi inalengeza, ndipo sindinabise. A Stafford analandira zidutswazo m'manja awiri. Asanayambe anafunsa za chilichonse: supuni yosungunulira, makala, mpeni, ngakhale mchenga wa m'matumba anga, mpaka mayiwo anawauza kuti akapitiriza kufunsa Diwali ipita.

Lakhi si guluu wa munthu waulesi. Amafewa msanga n'kuumanso msanga, sakupatsa mpata woimba nyimbo. A Stafford anayesa kaye pa kathabwa kena mpaka dzanja litazolowera. Anachotsa timagalasi, n'kutipereka kwa mwini wake. Ankasungunula kachidutswa mu supuni yatsopano pamoto wochepa kuti kasapse, kudontheza m'kadzenje, kufunditsa mkuwa mpaka utatentha moti sungagwiridwe ndi chala, n'kuukanikiza msangamsanga ndi kathabwa. Zala zinapsa, koma sanadandaule. Mayi Pushpa ankathyola chibangili china chikafunika, ndipo Ekta, amene anati angokhala pang'ono, anaiwala za sitolo. Anayamba ndi kungoonerera, kenako ndinamuona akupatsira maluwa, akukangana ndi amayi ake kuti tsamba ili linali kumanzere kapena kumanja. Anakumbuka kuti ali mwana anathyolapo mchira wa pikoko mmodzi n'kunamizira mphaka, ndipo amayi ake anati ankadziwa, chifukwa mphakayo anali atafa kale. Tinaseka tonse.

Ntchito itatha panaoneka chinthu chimene a Stafford sanachikonde. Lakhi wofinyika m'mbali anasiya kamzere kofiira, kopyapyala ngati ulusi, kuzungulira duwa lililonse, tsamba lililonse, ndi mapikoko onse. Kwa mmisiri, guluu wooneka ndi manyazi. Anatenga kampeni kuti apale, n'kudetsa potsalapo kuti pafanane ndi thabwa. Mayi Pushpa anawagwira mkono.

"Zisiyeni choncho. Ndizizionako m'mawa."

A Stafford anabweza kampeni m'thumba. Ndinaona kuti zawavuta, koma anamvetsa, ndipo atabwerera m'mbuyo n'kuyang'ananso anavomera okha kuti kufiirako kukukhala bwino pa thabwa lakuda.

Pansalu ya silika panatsala chibangili chimodzi chathunthu. Mayi Pushpa anachikulunga bwinobwino n'kuchipereka kwa amuna anga. Anati iwo akula, ndipo mkuwa ndi thabwa sizidzasiya kukokana. Tsiku lina duwa lina lidzagwa iwo kulibe. Ngati padzapezeke munthu wobweretsa kakachisiko, a Stafford asadzavutikenso kuzungulira masitolo. Ananena mawu oti "ngati" mopepuka, osayang'ana aliyense, koma tonse tinawamva.

A Stafford anatambasula manja, koma Ekta anafika msanga. Anatenga kamtoloko m'manja mwa amayi ake.

"Bweretsani kuno, Ba. Kakachisi kadzakhala kwanga, ndiye ichinso chikhale kwanga. Likadzagwa duwa ndidzabwera nazo zonse ziwiri."

Mayi Pushpa anamuyang'ana mwana wawo. Anakoka nsonga ya nsalu yawo yoyera n'kuphimba nayo kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo Ekta anawakumbatira kamtolo kali m'manja.